Chinangwa cha Tsiku Limodzi

Lira ndithu, Amina, lira, koma uyambe walavula. Lavula zonse, tulutsa lilime ndione. Eya. Dzanja langa ndi lolemera, ndikudziwa, ndipo khofi limenelo ndakumenya ndi mtima wonse. Ukafuna ukandinenere kwa atate ako akabwera kuchokera ku Dwangwa Loweruka. Koma chinangwa watola m'dilamucho ndachiviika dzulo lomweli. Cha tsiku limodzi! Iwe mkazi mnzanga, ngakhale mbuzi imayamba yanunkhiza. Yusufu, mwamuna wanga waulesi, siya kudinadina foniyo, thamanga ukasungunule shuga m'kapu yamadzi, ndipo usaumire ngati unagula ndiwe. Hawa, khala pansi apa, usandiyang'ane ngati waona mfiti.

Senderani nonse pamthunzi pano, ndikuuzeni chinthu chimene ngakhale agogo anu aamuna, a Selemani, analowa m'manda osachimva kuchokera pakamwa panga.

Dzana ndinakumvani kuseri kwa khitchini mukuopsezana za Mayi Ndisenzetseni, mzukwa wa kudziwe la bango. Wina anati, "Agogo okha ndiwo saopa, amangoseka." Zoona, ndimaseka. Koma ana inu, kuseka kuli mitundumitundu. Ine kuseka kumeneku ndinaphunzira kwa munthu wina, ndipo sanali munthu wabwino.

Inu mwakula chinangwa chikuviikidwa m'dilamu pakhomo, ufa ukuchokera kuchigayo, ndiye mumayesa kondowole amagwa kumwamba. Ife kale tinkakumba, kusenda, n'kusenza mpaka kudziwe lija la m'mphepete mwa nyanja ya Chia. Mayi aliyense anali ndi malo ake m'madzimo, ozinga ndi timitengo, pamwamba n'kupsinjapo miyala. Masiku anayi chili m'madzi, nthawi yozizira asanu. Chikafewa n'kuyamba kutulutsa fungo lija mumatsekera mphuno inu mabwana, ndiye kuti ululu watha. Kenako kuvuula, kufinya, kuyanika pathandala, kusinja mpaka m'manja matuza okhaokha. Mwana wa kunyanja asanadziwe dzina la amalume ake ankayamba wadziwa lamulo limodzi: chinangwa chowawa sichidyedwa chisanathe masiku ake. Ndipo ukaona mlendo akuchitola, umakuwa. Kaya ndi mdani wako, kaya anakubera nkhuku dzulo, umakuwa basi. Lamulo limeneli muligwire, likubweranso kutsogoloku.

Tsono Mayi Ndisenzetseni wanuyo ine ndinamudziwa ali moyo. Dzina lake anali Abiti Juma, mayi wamasiye, wamfupi, wamantha moti akaona nanzikambe panjira ankataya mtsuko. Mwamuna wake anamusiyira dambo lalikulu la mpunga, ndipo panali achibale a mwamunayo amene dambolo linkawasowetsa mtendere. Tsiku lina mayiyo anapita kukavuula chinangwa masana, osabwerako. Amene anamupeza akuyandama m'bango ndi a Selemani, ali m'bwato lawo. Ena anati waterereka, ena anati ndi khunyu. Koma a Selemani anakana. Anati, "Pakhosi pake pali mzere wopyapyala ngati wolemba ndi ulusi. Madzi salemba mzere." Akuluakulu anawauza kuti atseke pakamwa maliro aikidwe. Ha! Inu agogo anu munawaona atakalamba, mano atatha. Ali mnyamata, pakamwa pawo panalibe chitseko. Padoko ankanena, kumsika ankanena, zaka zitatu zathunthu, mpaka nkhani inafika kuboma, ndipo kunabwera kalata yoti Lolemba lotsatira akafotokoze zimene anaona.

M'zaka zitatu zomwezo ndi mmene mzukwa unabadwira. Ankati ukapita kudziwe dzuwa lili paliwombo, upeza mayi atakhala chokufulatira, dengu lili pambali, ndipo akuuza ndi mawu otsika kuti, "Ndisenzetseni." Mukudziwa kuti kwathu kuno mayi akakupempha kuti umusenzetse sukana, ngakhale ukuthamangira kumaliro. Koma ameneyu ukamusenzetsa, katunduyo sakhala pamutu pake, amakhala pamutu pako. Sumuona, koma amakulemera. Dziko limayamba kuzungulira, mawondo amathyoka, ndipo palibe amene angakutule. Choncho masana kudziwe kunkangoti zii, ngakhale agalu sankadzerako.

Nanga ine ndinkakatani? Njala, ana inu. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Chinangwa chikakula ndi ludzu ukali wake umawirikiza, ndipo chochepa chomwecho anthu anayamba kuberana m'madzi momwemo. Ine ndinali ndi pakati pa atate anu, miyezi isanu ndi iwiri. Changa ndinaviika Lachinayi, koma mtima sunakhazikike. Lachisanu m'mawa ndinali kumunda kuingitsa mbalame pa kampunga kathu, ndipo pamene ndinkamasuka dzuwa linali litakwera kale. Ndinati ndikachivuule ndikachimalizire mumbiya kunyumba, akuba asanandithandize. Amuna onse anali atapita kumzikiti, akazi ali m'makonde. Ndinadzilimbitsa mtima kuti Abiti Juma tinkabwerekana mchere, sangandichite kanthu. Ndinatenga dengu, nkhata, ndi kachidutswa ka nzimbe, n'kukasomeka m'chiuno kuti ndizidzatafuna pobwerera.

Kudziwe kunali kutentha kosaneneka. Mphepo inalibe, bango silinkagwedera, nyenje zokha kulira ngati zikuboola m'makutu. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndikunena Bisimilahi pa mwala uliwonse umene ndinkachotsa, maso ali pamadzi, osafuna kuyang'ana kumtunda. Dengu linali litatsala pang'ono kudzaza pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Odi kwa eni dziwe! Kodi ndinu amoyo, kapena ndinu aja?"

Potembenuka ndinaona bambo ataima pamtunda, woonda, malaya oyera bwino, chipewa chaudzu, nsapato za matayala. Ankamwetulira, ndipo anali ndi kampata pamano. Ndikuuzeni zoona, anali munthu woti mukakumana naye m'basi mungamupatse mwana kuti akunyamulireni. Kayankhulidwe kake kanali ka kumtunda, kwa anthu a chimanga. Pamkono wamanzere anali atakulungapo waya wa buleki ya njinga ngati chibangili, kumapeto kwake kuli timitengo tiwiri.

"Pepani mayi, ndakudzidzimutsani," anatero, akukhala pamwala. "Panjira ponse anthu akundiletsa kudzera kuno, akuti kuli mzukwa wofuna kusenzetsedwa. Ndiye ndati ndikauone, mwina ukungosowa mwamuna."

Mtima unabwerera m'malo. Ndinati bola ndi munthu. Mwamva? Ndinati bola ndi munthu! Uchitsiru wanga unafika pamenepo.

"Anthu a kunyanja mumandisangalatsa," anapitiriza, akudzikupiza ndi chipewa. "Ng'ona zili apo, mvuu zili apo, koma inu mukuopa mayi wakufa. Ine pantchito yanga ndaona akufa angapo. Ndi anthu aulemu kwabasi. Sakwiya, sayankha, ukawasiya apa mawa uwapeza pomwepo."

"Mumagwira kuchipatala, bambo?" ndinafunsa.

"Kuchipatala ayi, koma ndimathandiza anthu kuti asavutike nthawi yaitali. Ena amakhala asanadziwe n'komwe kuti akudwala."

Anaseka, inenso ndinasekako mwaulemu, ndisanamve bwino chimene ndikusekacho.

"Komanso mzukwa wanuwu mukuunamizira," anatero. "Akuti ndi wamtali, wovala zoyera mbee. Bodza! Kanali kamayi kafupi chonchi, chitenje chobiriwira, pamkono apa pali chipsera cha moto. Ndipo sikanakhale uko kumene mumalozako. Kanakhala apa." Anasisita mwala umene anakhalapowo.

Ana inu, chipsera chimenecho ndinkachidziwa. Anapsa ndi phala ali mtsikana, ndipo ankachibisa ndi mpango. Mlendo wa kumtunda akanachidziwira kuti? Madzi anali ofunda, koma ine ndinazizidwa kuyambira kumapazi mpaka m'mano.

"Mawu okha aja ndiye mwalondola," anatero, akupukuta misozi ya kuseka. "Anaterodi: 'Achimwene, ndisenzetseni.' Tsono chimene chimandizunguza mutu ndi ichi. Tinalipo awiri basi. Ine sindinauze munthu. Ndiye kuti wafalitsa nkhaniyi ndi iyeyo! Akazi inu, ngakhale mutafa miseche simusiya."

Anaseka mpaka kutsokomola. Mwana m'mimba anandiponda mwamphamvu. Ine ndinali wosaphunzira, sukulu ndinalekera pa kulemba dzina, koma ichi ndinachimva msanga: munthu sakuuza nkhani yotere ngati akufuna kuti ukafike nayo kumudzi. Ndinayang'ana uku ndi uku. Bango, madzi, dzuwa. Kuthawa ndi mimba imeneyo sindikanafika ngakhale pamtengo woyamba.

"Tsono mayi, mundithandize," anatero, ngati akufunsa njira ya kumsika. "Mukumudziwa msodzi wina dzina lake Selemani? Wolongolola uja. Ndamva kuti akatuluka mumzikiti amadzera njira ya m'bango yekhayekha kupita kudoko. Ndili ndi uthenga wake wochokera kwa anzake. Mundiperekeze panjirapo, mundilozere nkhope yake, basi. Inu muzikapuma."

Muzikapuma. Anatero akundiyang'ana pakhosi.

"Ndimangomumva," ndinayankha. Mwamuna wanga, atate a mwana amene anali m'mimba, ndinati ndimangomumva.

"Aliyense amangomumva, vuto lake ndi lomwelo. Tulukani m'madzimo, mungazizidwe."

Ndinakoka dengu mpaka pamtunda. Iye anasuzumira m'dengumo, maso ake n'kuwala. Chinangwa chosenda chikakhala m'madzi tsiku limodzi chimayera mochititsa kaso, Amina ndi mboni.

"Chichokereni kumsewu dzulo m'mimba mulibe kanthu," anatero. "Kwathu chinangwa timangotafuna chachiwisi ngati nzimbe. Mundigawireko, mlendo ndi mame."

Sanadikire yankho. Anamasula waya uja pamkono, anagwira timitengo tija, anakoloweka pachinangwa, n'kukoka kamodzi. Chinaduka bwinobwino popanda phokoso. Ndinaona mzere wake, wopyapyala ngati wolemba ndi ulusi, ndipo ndinamva mawu a agogo anu m'mutu mwanga.

Pakamwa panga panatseguka pokha. Walahi, sindinapatsegule ndine. Mawu aja amayi anandiphunzitsa ndisanamere mano anakwera okha mpaka pakhosi: musadye! Ndinawamva akubwera ngati masanzi. Ndinaluma lilime mpaka ndinalawa magazi.

Anatafuna, anaima pang'ono, n'kukwinya nkhope.

"Chikuwawirako," anatero, akundiyang'ana.

Zaka zonsezi ndikamadziuza ndekha nkhaniyi ndimati ndinangokhala chete. Limenelonso ndi bodza, ndipo lero sindikunamizani. Ndinayankha. Ndinati, "Ndi mmene chimakhalira cha kuno, bambo."

"Ndiye chifukwa chake muli owawa mtima," anatero, n'kulumanso. "Ine ndinamwa mankhwala owawa kuposa apa kuti ndikhwime. Izi ndi zamasewera."

Anadya zinayi, zikuluzikulu, akulavula mitsitsi yapakati pambali pa mwala. Anatunga madzi a m'dziwe momwemo ndi manja n'kumwera. Ine ndinaima chilili, ndikupota nkhata imene inali yopota kale.

Atamaliza anakulunganso waya pamkono, anadzuka, n'kuima patsogolo panga. Dengu linali pakati pathu.

"Nyamulani tizipita."

Ndinawerama, koma ndi mimba ija dengu lonyowa silikanatheka ndekha. Iye ankadziwa. Anapinda manja, akumwetulira.

"Nenani mawu aja, mayi. Dzuwa lili paliwombo, dziwe ndi lomweli, mwala ndi womwewu. Nenani, tione ngati mzukwa ungachite nsanje."

Hawa, usatseke makutu, imva. Ndinagwada pamalo pomwe anagwada Abiti Juma, pamaso pa munthu yemweyo, khosi lili pamtunda. Ndinadziwa kuti mayi uja atanena mawu amenewo sanadzukenso. Ndinanena chamumtima shahada, mawu omaliza a Msilamu akamafa, kenako ndinati, "Ndisenzetseni."

Anazungulira n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinamva mpweya wake pakhosi, fungo la chinangwa ndi fodya. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Kenako dengu linakwera n'kukhala pankhata.

"Mwaona? Ndidakali moyo," anatero. "Tsogolani."

Kuchokera padziwe kufika panjira ya m'bango ndi pafupi, Yusufu akhoza kuthamanga osapuma, atasiya foni. Koma ine ndinamuuza kuti mvuu zaswa powolokera, tizungulire dambo lonse. Ndinkadziwa kuti ululu wa chinangwa suthamanga, umayamba wakhala pansi. Ndinkadziwanso kuti mwina sugwira n'komwe, poti matupi ndi osiyana, ndipo munthu uja ankati ndi wokhwima. Patali ndinamva adhana yoitanira anthu kumapemphero, kamawu kakang'ono, nthawi imeneyo kunalibe zokuzira mawu zanu zija. Ndinayamba kuwerengera: alalikire, aswali, atuluke, apatsane moni. Agogo anu pakhomo pa mzikiti sankachoka asanatsutsane ndi anthu atatu. Tsiku limenelo lokha ndinathokoza Mulungu chifukwa cha pakamwa pawo.

Ine patsogolo, iye pambuyo. Simudziwa, ana inu, mmene khosi limayabwira ukamayenda ndi munthu wotere kumbuyo. Udzu ukandikhudza ndinkati ndi waya. Ndipo iye pakamwa osatseka.

"Ndikadzatopa ndi ntchitoyi ndidzakwatira mzukwa," ankatero. "Ndi mkazi wabwino. Sudya, sufuna sopo, ndipo apongozi onse ali kumanda. Kodi wanuyu ali ndi ankhoswe? Kapena tikafunsire kwa ng'ona?"

Ndinkayankha kuti eya bambo, ayi bambo. Tinadutsa minda ya mpunga yowauka, tinadutsa pachulu chachikulu, tinalowa m'tchire la migwalangwa. Thukuta ndi madzi a m'dengu zinkatsikira kumaso, dzuwa n'kumaziumitsa, moti nkhope ndi mikono zinayera ngati ndadzola phulusa. Njira ya m'bango inayamba kuonekera patsogolo, ndipo munthu uja anali akuyendabe bwinobwino. Ndinati basi, Mulungu wandikana, ndipo ali ndi chifukwa.

Kenako ndinazindikira kuti papita kanthawi osamva nthabwala. Ndinamumva akulavula. Analavulanso.

"Dzuwa la kwanu kuno lili ndi mano," anatero, koma mawu anali olemera.

Tinayenda pang'ono.

"Mayi, taimani."

Ndinaima, n'kutembenuka ndi dengu langa pamutu. Anali atagwira mgwalangwa ndi dzanja limodzi, linalo lili pamutu. Chipewa chinali pansi. Anayesa kumwetulira, kampata ka pamano kaja kanaoneka.

"Tandiuzani," anatero. "Dengu lili pamutu panu. Nanga bwanji likulemera ine?"

Imeneyo inali nthabwala yake yomaliza, ndipo sanaiseke. Anasanza, mawondo anapinda, anakhala pansi ngati thumba. Anayesa kudzuka, dziko linamukana. Ankapuma mothamanga ngati galu, maso akuzungulira. Atandiyang'ananso, dzuwa lili kumbuyo kwanga, nkhope yanga yoyera ija, ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala: munthu amene ankaseka akufa anayamba kundiopa ine.

"Ndinu ndani?" ananong'ona. "Mwati dzina lanu ndani?"

Ndinangokonza dengu pamutu.

"Amayi, pepani. Ndinangotumidwa. Munditule. Chonde munditule, chikundithyola khosi."

Tsono mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse ili apa. Mankhwala ndinkawadziwa. Mwana aliyense wa kuno amawadziwa: umupisa chala kukhosi asanze zonse, umufinyira nzimbe mkamwa, uthamangira madzi a shuga kapena mkaka, ukuwa anthu abwere amunyamule. Mudzi sunali patali, tambala ndinkamumva. Nzimbe inali m'chiuno mwanga, ndipo dzanja langa linali litaigwira kale. Munthu anali pansi akulira ngati mwana, akunditchula amayi.

Koma waya unali pamkono pake, ndipo zala zake zinkatseguka n'kutsekeka. Ndinati ndikamutula adzuka. Akadzuka, lero kapena mawa, a Selemani adzayandama m'bango, ine pambali pawo, ndipo anthu adzati tinaterereka.

Ndinachotsa dzanja pa nzimbe, n'kutembenuka. Sindinathamange. Ndinayenda ngati mayi aliyense wochokera kudziwe. Kumbuyo anaitana katatu kuti munditule. Kachitatuko kanali kamawu kakang'ono, kochepa kuposa ka nyenje.

A Selemani ndinakumana nawo atangopatuka kulowa njira ya m'bango, okhaokha, akuyankhula okha za mkangano umene anausiya pamzikiti. Atandiona anadzidzimuka.

"Iwe, nkhope yatani? Wachokera kudziwe nthawi ino? Wapenga?"

"M'mimba mukupota," ndinatero. "Ndiperekezeni kunyumba, kudoko mupita mawa."

Ananditula dengu n'kulinyamula okha paphewa, mwamuna wamkulu, osaopa kusekedwa. Tsiku limenelo sanachoke pakhomo. Ankangondifunsa ngati aitane azamba, ine ndili chigonere pamphasa, maso ali kudenga, makutu ali kutchire la migwalangwa.

Anamupeza m'mawa mwake amayi opita kukatola nkhuni. Anali atagona chammbali, manja onse awiri atagwira pamutu. Mudzi wonse unathamangirako. Wina anakumbukira kuti dzulo lake mlendo ameneyu ankafunsa njira ya kudziwe akuseka. Basi, mlandu unathera pomwepo: Mayi Ndisenzetseni wamusenzetsa. Amayi ena anakomoka. Kuyambira tsiku limenelo mzukwa unakula kawiri, unatalika, unamera ndi mano omwe. Achibale aja olanda dambo atamva mmene munthu wawo anafera, ndi pamene anafera, sanapondemonso m'dambomo. Linakhala tchire mpaka ana a Abiti Juma atakula n'kulitenga. Kuboma a Selemani anapita Lolemba lija, ananena zawo zonse, anabwerako wamoyo, ndipo palibe anatumidwanso.

Mlendo sanadziwike kwawo, choncho mudzi unamuika. Agogo anu anakumba nawo manda, ine ndinaphika nawo pamaliropo, ndikutunga madzi ndi kusonkhezera moto ngati wina aliyense. Anthu atabalalika, a Selemani anabwera kunyumba n'kukhala pakhonde nthawi yaitali osayankhula, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chikwatirane. Ndinamva kwa ena kuti ndiwo anamasula waya pamkono pa malemuyo, anauyang'anitsitsa, n'kuuponya m'dzenje. Ndinamvanso kuti pobwerera anadzera kudziwe okha. Mitsitsi yolavula ija inali ikadali pambali pa mwala.

Anayang'ana mumbiya mmene ndinamalizira kuviika.

"Chinangwa chachepa," anatero.

"Akuba," ndinayankha.

Anandiyang'ana, anayang'ana mimba yanga.

"Eya," anatero. "Akuba."

Munthu wopanda chitseko pakamwa uja anakhala nane zaka zonse zija, tinabereka ana asanu ndi mmodzi, tinakwatitsa, tinaika ena, ndipo sanandifunsenso. Koma chiyambire tsiku limenelo, akaona ndikuwerama kuti ndinyamule kanthu, ankathamanga kudzandisenzetsa ndisanatsegule pakamwa. Ankadziwa kuti mawu amene aja sindingawanenenso. Inu mumandiseka ndikamalimbana ndi ndowa ndekha, mumati agogo ndi amakani. Si makani.

Ndinafunsapo shehe wina mozungulira, ngati nkhani ya mayi wa kumudzi kwina. Anasisita ndevu n'kunena kuti Mulungu ndiye adziwa. Ndinati zikomo, koma zimenezo ndinkazidziwa ndisanabwere. Masiku ena ndimati ndinapulumutsa anthu atatu. Masiku ena ndimati ndinapha munthu wanjala amene anandipempha chakudya n'kunditchula amayi. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo sizifafanizana. Atate anu ali moyo, inu mulipo, ndikakuonani mukukanganirana mango sindinong'oneza bondo. Koma ndimaopa, ana inu. Ndakalamba, ulendo wayandikira, ndipo ndimaopa funso limene ndikafunsidwe m'manda.

Ndiye mukandiona ndikuseka Mayi Ndisenzetseni, musamati agogo ndi olimba mtima. Munthu uja ankaseka chifukwa ankadziwa chimene chinachitika padziwe. Inenso ndimaseka pa chifukwa chomwecho. Abiti Juma sanasenzetsepo munthu, mayi uja ankaopa nanzikambe. Pitani kudziwe nthawi iliyonse, muzingosamala ng'ona. Chimodzi chokha bambo uja analakwitsa, pamene anati akufa ukawasiya apa mawa uwapeza pomwepo. Iye ndinamusiya pansi pa mgwalangwa, koma dzuwa likafika paliwombo, nyenje zikayamba, ndimamupeza kuno.

Yusufu, wabwera nayo kapu? Wachedwa ngati umakadula nzimbe yake ku Dwangwa. Bweretsa. Amina, dzuka, tsamira pa ine. Ndikudziwa kuti unangoluma pang'ono ndipo walavula, ndikudziwa kuti suli kumva chilichonse. Usanditsutse, mkazi mnzanga, watengera agogo ako aamuna. Gwira ndi manja awiri. Imwa onse, usasiye ngakhale dontho, ndipo ine ndizikuyang'ana ukumwa. Madzi amenewa pali munthu amene ndinamumana.